MBUSA JOHN CHILEMBWE NDI NKHANI YA THANGATA

Akonzi a kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu mmodzi wotchuka amene adatisiya kalekale, sindidachedwe kusankha. Ndasankha Mbusa John Chilembwe. Ndikudziwa kuti ena mufunsa kuti kodi munthu wa ku Chiradzulu akudzatani m'kalata ya anthu amene adaphunzira ku Thekerani. Chimene chandichititsa ndi agogo anga aamuna, obereka mayi anga.

Agogowo adali Alomwe. Adawoloka mtsinje wa Ruo akali mwana pamodzi ndi makolo awo pothawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi, ndipo adakakhala pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Malowo sadali awo, ndipo lendi yake idali thangata. Pamene ine ndinkayamba sukulu dziko lidali litalandira kale ufulu wodzilamulira, koma agogo akangoona mzungu akubwera pamsewu, dzanja lawo linkapita lokha kuchipewa, n'kupatukira kutchire. Ife adzukulu tinkaseka. Ndidadzamvetsa nditakula kuti tinkaseka chilonda, ndipo chilonda chimenechi ndi chomwe a Chilembwe adafera.

Ubwana wawo ndi Joseph Booth

A Chilembwe adabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. Bambo awo adali Myao ndipo mayi awo adali Mmang'anja. Adaphunzirako pang'ono m'sukulu za mishoni ya Church of Scotland, koma moyo wawo udasintha m'chaka cha 1892 pamene adalembedwa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wina wotchedwa Joseph Booth. Booth adali Mngelezi amene adabwera kuno kuchokera ku Australia, ndipo adatsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Azungu anzake sankamukonda chifukwa ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa eni maesiteti, komanso ankanena poyera kuti Africa ndi wa anthu akuda. Mnyamata wa ku Chiradzuluyo ankaphika, ankamasulira, ankadwazika ana a Booth, ndipo adabatizidwa m'chaka cha 1893.

Ife a ku Thyolo dzina la Booth tisalione ngati lachilendo. Ndi iye amene adayambitsa mishoni ya Plainfield, imene mpingo wa Seventh-day Adventist udaitenga m'chaka cha 1902 ndipo pambuyo pake idatchedwa Malamulo. Ambiri a ife tidagonako m'chipatala cha Malamulo, ena tidabadwira komweko. Mmodzi mwa amishonale oyamba a mpingowo pamalopo adali munthu wakuda wa ku America, dzina lake Thomas Branch.

Zimene adakaona ku Virginia

M'chaka cha 1897 Booth adatenga a Chilembwe kupita nawo ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention udawalandira n'kuwalipirira maphunziro a ubusa pa Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg.

Pano ndiime pang'ono, pakuti popanda kudziwa America amene adamupeza, sitingawamvetse a Chilembwe. Virginia ndi chimodzi mwa zigawo za kummwera kwa dzikolo, kumene anthu akuda adakhala akapolo mpaka 1865. Ukapolo utatha, akudawo adapatsidwa ufulu woponya voti, ena mpaka adasankhidwa kukhala aphungu. Koma patangopita zaka zochepa azungu a kummwerako adayamba kulanda ufuluwo pang'onopang'ono. M'chaka cha 1896, kutatsala chaka chimodzi kuti a Chilembwe afike, khoti lalikulu la dzikolo lidagamula pamlandu wa Plessy ndi Ferguson kuti kulekanitsa azungu ndi akuda m'sitima ndi m'malo ena n'kololedwa. Mu Novembala 1898, a Chilembwe ali pasukulu, gulu la azungu a mfuti lidagwetsa khonsolo ya mzinda wa Wilmington m'chigawo choyandikana cha North Carolina, chifukwa mudali anthu akuda, ndipo akuda ambiri adaphedwa. M'zaka zimenezo kudalinso chizolowezi chopachika munthu wakuda pamtengo mlandu wake usanaweruzidwe. Mu 1902 Virginia idalemba malamulo atsopano amene adachotsa akuda ambiri m'kaundula wa voti pogwiritsa ntchito msonkho ndi mayeso. Booth mwiniyo adalemba kuti mumzinda wa Richmond anyamata achizungu ankawagenda miyala awiriwo chifukwa choyendera limodzi.

Koma a Chilembwe sadaone nkhanza zokhazokha. Adaona anthu akhungu ngati lawo ali ndi matchalitchi awoawo, masukulu awoawo, nyuzipepala zawozawo, ndiponso madokotala ndi aphunzitsi awoawo. Sukulu imene ankaphunzirayo mkulu wake adali munthu wakuda, Gregory Hayes. Nthawi imeneyo n'kuti Booker T. Washington wa ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, akuphunzitsa kuti munthu wakuda adzikweze yekha ndi maphunziro ndi ntchito zamanja. Komanso Virginia ndi komwe kapolo Nat Turner adaukira eni akapolo mu 1831, ndi komwe John Brown adathyola nkhokwe ya mfuti ya boma ku Harpers Ferry mu 1859 pofuna kumasula akapolo, ndipo onse awiri adanyongedwa. Motero njira ziwiri zidali pamaso pawo: ya sukulu ndi ya mkondo. Pobwera kuno adasankha ya sukulu, ndipo adayenda nayo zaka 14.

Ntchito ya ku Mbombwe

Adabwerera kwawo m'chaka cha 1900 atadzozedwa ubusa. Adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission, imene tonse timangoti PIM. Mpingo wa ku America uja udawatumizira amishonale awiri akuda, Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany, amene adathandiza mpaka 1906.

Pamishonipo anthu ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, komanso kulima khofi ndi thonje ndi kuumba njerwa. Akazi awo, Mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Mbusayo ankaletsa mowa, ndipo ankafuna kuti anthu ake azivala bwino ndi kuoneka aukhondo. Zithunzi zimene zidatsala zimawaonetsa atavala suti ndi magalasi. Pofika 1912 masukulu a PIM adali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 adatsiriza kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomangidwa ndi anthu akuda okhaokha.

Ena anganene kuti suti ndi chipewa ndi zinthu zazing'ono. Masiku amenewo sizidali zazing'ono. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu aliyense, kaya ndi bwana wa boma, kaya kalaliki chabe wa m'sitolo, ankayenera kuvula chipewa, ndipo mzunguyo sankabweza ulemuwo. Wokana ankamenyedwa. Choncho munthu wa ku PIM akavala jekete ndi nsapato ankaonedwa ngati wodzikuza, ndipo eni maesiteti ankati sukulu zimenezi zikuwononga antchito.

Thangata

Mawu akuti thangata ndi athu, ndipo kale ankatanthauza kuthandizana ntchito, monga anthu ankachitira kumunda kwa mfumu. Atsamunda adalitenga liwulo n'kulipotoza. Kuyambira 1892 Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'malo mwa boma la Britain, adapereka kwa azungu zikalata zowatsimikizira kuti malo akuluakulu a kuno kummwera ndi awo. Malo ambiri achonde a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba adapita motero, nthawi zambiri posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zimene mafumu adalandira osadziwa kuti akugulitsa dziko. Alomwe atayamba kubwera mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, makamaka m'njala ya 1912 ndi 1913, malo okhala adawapeza m'maesiteti momwemo, ndipo analibe kothawira.

Pamalamulo, munthu ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Boma lidakonza msonkhowo mochenjera. Mu 1912 udafika masheleni 8, koma amene wagwira ntchito mwezi kwa mzungu ankapereka masheleni 4 okha. Chovuta chidali kawerengedwe ka mweziwo. Kapitawo akanena kuti sudamalize ndime yako, tsikulo silinkalembedwa, kotero kuti miyezi iwiri inkatalika kufika inayi kapena isanu. Ndipo ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pomwe munthu amayenera kupalira munda wake. Agogo ankandiuza kuti chaka china mayi awo adabzala chimanga mochedwa kwambiri chifukwa cha thangata, ndipo banja lonse lidapulumukira nthochi zosapsa ndi chinangwa.

Mishoni ya PIM idachita malire ndi maesiteti a A. L. Bruce a ku Magomero, okwana maekala pafupifupi 169,000. Eni ake adali a banja la mwana wamkazi wa David Livingstone, ndipo woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone. Pamalo amenewa anthu ankakwapulidwa ndi chikoti, ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ndipo ngakhale amayi amasiye ankakakamizidwa thangata. Eni malowo sankalola sukulu pamalo awo. Akhristu a PIM akamanga katchalitchi kaudzu m'mudzi mwawo, kankatenthedwa. Ambiri mwa akhristu a Mbusa Chilembwe adali anthu okhala pamaesiteti amenewa, choncho madandaulo onse ankathera pakhomo pawo.

Nkhondo ya 1914

Zaka zotsiriza zidawalemera. Adali ndi ngongole, ankadwala mphumu, maso adayamba kuchita khungu, ndipo mwana wawo wamkazi adamwalira. Kenaka mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka ku Ulaya. Mu Sepitembala asilikali a Britain ndi a Germany adamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa mbali zonse ziwiri adali anthu akuda. Boma lidayambanso kugwira amuna m'midzi kuti akhale amtengatenga, osenza katundu wa asilikali.

Mu Novembala 1914 a Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yomveka. Nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu, koma nkhondo ikabwera munthu wakuda ndiye amaitanidwa kuti akakhetse mwazi, n'kusiya amasiye amene adzapitirizabe kukhoma msonkho. Adapempha kuti anthu olemera ndi eni malo, amene nkhondoyo ikuwakhudza, apite okha akamenyane. Boma lidaletsa kalatayo, ndipo akuluakulu ena a boma adayamba kuganiza zowagwira n'kuwathamangitsa m'dziko muno. Njira ya pepala idatsekeka pamenepo.

Usiku wa 23 Januwale 1915

Lidali Loweruka usiku pamene magulu a anthu adanyamuka ku Mbombwe. Gulu lina lidapita ku Magomero kumene lidapha William Jervis Livingstone n'kumudula mutu, ndipo lidaphanso Duncan MacCormick. Ku Mwanje adapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azunguwo adatengedwa, koma sadavulazidwe ndipo adamasulidwa, pakuti mbusayo adalamula kuti asakhudzidwe. Gulu lina lidapita ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala, koma lidangopeza mfuti zochepa anthu asanadzidzimuke. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama amene adagwirizana nawo sadaphule kanthu. Mafumu ambiri sadalowerere. Lamulungu m'mawa a Chilembwe adalalikira m'tchalitchi mwawo mutu wa Livingstone uli pomwepo. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe mmodzi adavulazidwa kwambiri.

Zimenezi sindikuzibisa, anzanga, ndipo sindikuzikometsa. Anthu atatu aja adali ndi abale awo, ndipo mkazi wa Livingstone adaona imfa ya mwamuna wake ndi maso ake. Nkhani ya mutu m'tchalitchi imandivuta mpaka lero. Koma ndimakumbukiranso kuti munthu ameneyu adayesa sukulu, adayesa kudandaula, adayesa kalata, ndipo zonse zidakanidwa ndi anthu amene adali ndi mphamvu zomumvera. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa cholinga chake. George Simeon Mwase, amene adalemba nkhaniyi m'zaka za m'ma 1930, adati a Chilembwe ankadziwa kuti sapambana, ndipo adafuna kufa ngati John Brown kuti boma limve kulira kwa anthu. Ena amati ankafunadi kulanda boma. Amene mukufuna kuzama muwerenge buku la Independent African, limene George Shepperson ndi Thomas Price adatulutsa mu 1958.

Pasanathe sabata ziwiri zonse zidatha. Pa 3 Febuluwale 1915 a Chilembwe adawomberedwa ndi apolisi akuda cha ku Mulanje, ali paulendo wolowera ku Mozambique, ndipo adaikidwa m'manda obisika opanda chizindikiro. Anthu oposa 30 adaphedwa ataweruzidwa mofulumira, ndipo pafupifupi 300 adaikidwa m'ndende. Mwa onyongedwawo mudali John Gray Kufa, wothandiza dokotala amene adaphunzira ku mishoni ya Blantyre, ndi Duncan Njilima, munthu wamalonda. Midzi idatenthedwa ndipo tchalitchi chanjerwa chija chidagwetsedwa ndi mabomba. Bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa lidavomereza mu 1916 kuti Livingstone ankazunza anthu, koma mphamvu zambiri zidathera pa kuyang'anira mipingo ya anthu akuda. Thangata adatsala. PIM idakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu, wophunzira wa Mayi DeLany amene adakaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville, adabwera kudzaitsegulanso.

Kwathu kuno ku Thyolo

Pamene a Chilembwe ankafa, tiyi adali atangoyamba kumene kuno ku Thyolo, pakuti adabzalidwa koyamba mu 1908, chaka chomwe njanji yodutsa ku Thekerani idafika ku Blantyre. M'zaka zotsatira minda ya tiyi idakula, ndipo thangata adakula nayo. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti lidalola eni malo kuthamangitsa ena mwa anthuwo. Mu 1946 boma lidatuma Sir Sidney Abrahams kudzafufuza nkhani ya malo, ndipo iye adalangiza kuti boma ligule malo amene azungu sankalima kuti anthu akhalepo mwaufulu. Ntchitoyo idayenda mwakachetechete ngati kamba.

Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa anthu akukana, moto udabuka kwathu konkuno. Udayambira pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu oganiziridwa kuba malalanje. Anthu adatseka misewu, adadula mawaya a telefoni, adakana kugwira ntchito, ndipo chipolowecho chidafalikira m'maboma ena. Anthu akuda 11 adaphedwa. Malalanje adali poyambira chabe, nkhani yeniyeni idali malo ndi thangata, zomwe zija a Chilembwe adadandaula zaka 38 m'mbuyomo. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ndipo taonani m'mene mbiri imakumanira: lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse ku America lidasainidwa pa 2 Julaye 1964, ndipo patangopita masiku anayi, pa 6 Julaye, dziko lathu lidalandira ufulu wodzilamulira.

Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira m'mene pa 3 Malichi pankakhalira tili pasukulu. Kunalibe mpira, kunalibe phokoso, ndipo wailesi inkaulutsa nyimbo zachisoni ndi sewero la Chilembwe. Tinkangodziwa za usiku umodzi uja basi. Za masukulu awo, za Virginia, za kalata ija, tidazidziwa mochedwa. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma lidapatula 15 Januwale kukhala tsiku lowakumbukira, ndipo kuyambira 1997 nkhope yawo idayamba kuoneka pa ndalama zathu. Imaoneka pa K500 ndi pa K2,000.

Komabe munthu sakumbukiridwa ndi nkhope ya pa ndalama yokha. Aliyense woyenda kuchokera ku Bvumbwe kudzera pa boma mpaka ku Makwasa amaona tiyi wobiriwira mbali zonse za msewu, ndipo akapitirira kutsikira kwathu kuno amaona anthu akulima m'malo otsetsereka pomwe mvula imakokolola nthaka chaka ndi chaka. Maesiteti amalemba ntchito abale athu ambiri, ndipo ena a ife fizi yathu idachokera m'dengu lothyolera tiyi. Koma nkhani ya kuchepa kwa malo m'boma lathu sidathe, ndipo idzafuna anthu ophunzira amene angathe kuikamba modekha, ndi mapepala m'manja, pamaso pa boma ndi eni maesiteti. Ngati ife amene tidapita kusukulu tikhala chete, tisadzadabwe achinyamata akadzasankha njira ina.

Pempho langa ndi laling'ono. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo amene adagwira thangata ndi manja awo atsala owerengeka. Amene muli ndi gogo wotere m'mudzi mwanu, pitani mukakhale naye pakhonde, mukalembe zimene angakuuzeni: ankagwira miyezi ingati, ankalipidwa chiyani, adasamutsidwa kuchokera kuti. Mukatero mutumize kwa akonzi a kalata ino. Ine agogo anga ndidawafunsa zochepa kwambiri. Adamwalira ndili Fomu 2, ndipo chipewa chawo chija chidakali m'nyumba mwa amalume anga.

Ndine mnzanu wophunzira wakale,
wa ku Thekerani.